Katundu Wapachifuwa wa a Filipo

Ku Likhubula mukafunsa za a Filipo, sakulozerani nyumba, amakulozerani phiri. Bambowa anayamba kunyamula zikwama za alendo ndevu zisanamere. Chikwama choti anyamata awiri akukankhirana, iwo amangochiponya kumsana n'kuyamba kuimba za kwaya.

Komatu miseche nayo imakwera phiri. Amayi a pamjigo ankati munthu sangamagone kumtunda kozizira kuja popanda womufunditsa. Dzina la mkaziyo palibe ankalidziwa, koma zoti ali ndi mpata kumano aliyense ankalumbira.

Ndiye akazi awo, a Estele, anachira miyezi isanakwane. Mapasa, tiana tosaposa chinanazi. Namwino, a Cecilia, anati ana osakwana masiku sachedwa kuzizira, ayenera kukhala pachifuwa cha munthu, khungu kukhudza khungu, usana ndi usiku. Kamnyamata anakapatsa mayi ake. Kamtsikana, kofooka kwambiri, kanasowa chifuwa, poti a Estele anali ndi bala la opaleshoni, sakanatha kunyamula onse awiri. Mayi a Estele anali atayamba kale kumasula bulauzi, koma anangoyetsemula kamodzi.

Namwino anati, "Ndi chimfine chimenecho ayi, agogo. Bambo wa ana ali kuti?"

Agogo anagwira pakamwa. Kwathu kuno amati mwamuna woyendayenda akagwira khanda amalitsempha, limatupa.

"Iwe Estele, zapamjigo zija sunazimve?"

"Amayi, mwana akuzizira muno, osati pamjigo."

A Filipo anazimva zonse ali pakhomo. Mtima wawo unalibe mlandu, koma ankadziwa kuti kamwanako kakangodwala, olo ndi chifuwa wamba, mkazi wa mpata kumano uja apeza dzina ndi mudzi womwe. Anayang'ana timiyendo ta kamtsikanako, n'kuvula malaya.

Namwino anakagoneka kamwanako pakati pa chifuwa, kenaka anatembenukira kwa a Estele kukawathandiza kufinyira mkaka m'kakapu.

"Agogo, sambani m'manja, phimbani mphuno, muwamange chitenje kumsanako."

Apa ndiye panali nkhani. Mayiwa chikwatiwire mwana wawo ankati akakumana ndi mkamwini panjira, amapatukira m'munda wa tiyi. Lero awagwire msana wosavala! Anamanga maso ali kudenga, mfundo yake ngati ya mtolo wa nkhuni.

"Amayi, mwathinitsa," anatero a Filipo chapansipansi.

"Estele, uwauze amuna akowo kuti uyu si katundu wa azungu."

Kuyambira tsikulo, munthu wothamanga pamiyala ankayenda mu wodi ngati wasenza mazira. Anzawo onyamula katundu anabwera kudzasuzumira pawindo.

"Achimwene, mwayamba liti kuyamwitsa?"

"Chitenje chakukhalani bwanji! Mpango tibweretse?"

"Tsikani mawu, abwana agona," anawanong'oneza a Filipo.

Agogo nawo anali pantchito yawo. M'mawa uliwonse ankasuzumira m'chitenjemo, kufuna kuona ngati zayamba. Tsiku lina anakuwa wodi yonse kumva.

"Anesi! Ndinkanena ine! Masaya atupa!"

A Filipo anasuzumira m'chitenjemo msangamsanga. Namwino anamasula mfundo, n'kudina kaphazi ndi chala, n'kukaika kamwanako pasikelo.

"Kutupa kumeneku kwathu timati kunenepa, agogo. Ndipo wampitirira mlongo wake."

Agogo anayang'ana sikelo, anayang'ana mwana. Kenaka, koyamba chikhalire, anayang'ana mkamwini wawo kumaso.

"Bambo, mwadya koma?"

Mwanayo anamutcha Madalo. Pano amathamanga, ndipo akamva kuzizira salowa m'bulangete, amakwera pachifuwa pa bambo ake. A Filipo anabwerera kuphiri, ndipo akakumana ndi apongozi panjira, munda wa tiyi uja umapuma.

Mkazi wa mpata kumano uja, pamjigo akuti anakwatiwa ku Mozambiki.