Bango la ku Kadewere

Ndinanyamuka pa Nguludi cha m'ma seveni, foni yodzadza moto, jumbo m'thumba. Agogo aamuna anali m'chipatala tsiku lachisanu, phala akukana, tiyi akukana. Ankangofuna bango limodzi, la mumtengo wawo wa mango wa ku Kadewere.

Mtengowo anaubzala m'ma fifite, atangolowa chikamwini. Mbewu yake anaitola ku Limbe, pakhonde la sitolo ya Mmwenye pamene ankasoka zovala. Agogo aakazi atamwalira, mwambo unawabweza kwawo. Makina osokera ananyamula, bulangete ananyamula, koma mtengo unatsala.

Minibasi inandidya thuu sauzande, mpando wake thumba la feteleza. Ine osaugwira mtima, ndafufuza pafoni: kani dzina loti mango Azungu anachita kubwereka? Ati linachokera ku Chitamili, ku India, n'kukwera zombo za Apwitikizi. Ndinawauza amayi ena pambali panga.

"Ndiye nalonso ndi lobwera ngati mkamwini," anatero, akukhazika bwino nkhuku pamwendo.

Pa Namitambo teni koloko, ndinagula chigumu n'kukwera kabaza. Matope mpaka m'mawondo, pena ine ndi amene ndimakankha njinga.

"Aise, ulendo wonsewu bango?" anafunsa wakabaza. "Pamsika paja ali mbwee."

"Agogo sungawanamize. Anunkhiza."

Tinafika dzuwa lili pamutu. Ang'ono awo a malemu agogo aakazi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mdzukulu wa atelala iwe? Makutu ndi omwewo."

Anandilondolera kuseri kwa nyumba. Chimtengo! Anthu awiri sangachikumbatire. Nyengo inali ikutha, ndinapeza mango atatu okha kunsonga.

"Mudzi wonse umati mango a atelala," anatero. "Achinyamatawa sadziwa kuti telalayo anali ndani, amangodya."

Ndinabwerera ku Nguludi faifi ili pafupi. Agogo analandira bango ndi manja awiri, osaluma, kumangonunkhiza. Ndinawaonetsa chithunzi cha mtengo uja pafoni, anakankha.

"Mwala uja ulipo patsinde? Agogo ako aakazi ankakhalapo posenda mango."

Ine mwala sindinauyang'ane n'komwe, ndinali kalikiliki kujambula nthambi. Ndinatsegulanso chithunzi chija, ndakulitsa ndi zala. Pakona penipeni, mwala wosalala.

"Ulipo, agogo."

Anauyang'ana mpaka foni inazima yokha. Kenako anati, "Bweretsa mpeni."