Azakhali ndi kabotolo ka mandimu

Azakhali anga anayamba kutikita anthu chifukwa cha amuna awo. Bambowo atadwala sitiroko, mkono ndi mwendo zinauma, ndipo namwino wina anawasonyeza azakhali katikitidwe kake. Pamene amuna awo ankamwalira, manja anali atazolowera kale ntchito. Anapeza kachipinda kuseri kwa saluni ina, n'kuikamo bedi lopapatiza, mataulo ndi shelefu ya timabotolo takuda ta mafuta onunkhira.

Anali munthu waukali, makamaka wina akangokhudza shelefu ija.

"Awa si mafuta odzola, ndi moto," ankatero. "Lavenda, bulugamu, mandimu, onsewa n'kungodontheza m'mafuta a kokonati kapena a mpendadzuwa. Osamwa, osayandikitsa m'maso. Pa khanda osayerekeza n'komwe."

Munthu wachilendo ankayamba amupaka pang'ono pamkono n'kumuuza kuti abwere mawa, aone ngati khungu lagwirizana nawo. Ena ankanyanyala osabweranso. Azakhali analibe nazo ntchito.

Tsiku lina atapita kukatikita nkhalamba ina kunyumba kwake, mwini saluni anatsegula kachipinda kaja ndi kiyi wake. Anali atamva pafoni kuti mafuta a mandimu amayeretsa nkhope. Anatenga kabotolo, n'kupaka osasungunula m'masaya mwa mphunzitsi wina amene ankakonzekera ukwati. Mphunzitsiyo atatuluka anakaima padzuwa kudikira basi. Mafuta amenewa akakumana ndi dzuwa pakhungu amawotcha.

Ine ndinalipo, ndikulukitsa tsitsi, pamene mphunzitsi uja anabwera ndi amayi ake atadziphimba nsalu kumaso. Amayiwo anaivundukula. Masaya onse anali matuza okhaokha.

"Mayi wa mafuta ndi inuyo?" anakuwa, akuloza azakhali. "Taonani mwana wanga! Akaima bwanji pamaso pa anthu?"

Mwini saluni anangoweramira m'mutu mwanga, zala zikupitiriza kuluka.

Azakhali anayang'ana nkhope ija, n'kulowa m'kachipinda. Anatuluka ndi kabotolo ka mandimu, mafuta atatsala pang'ono kutha.

"Mayi, kutukwana mudzanditukwana bwino. Panopa thamangani naye kuchipatala. Matuzawo musaboole, musapakeponso chilichonse, ndipo asayende padzuwa. Kabotolo aka mukawasonyeze adokotala."

Awiriwo atangotuluka, azakhali anatembenukira mwini saluni.

"Inu achemwali, m'chipinda mwanga munalowa?"

"Aa, nanga si zachilengedwe?" anayankha mwini saluni. "Mandimu timadya ndithu."

"Tsabola timadyanso! Bwerani ndikuthireni m'maso!"

Azimayi ena anaseka, koma azakhali sankaseka.

"Mwawotcha mwana wa eni ake, mayi ake akundilalatira ine, inu muli phee ngati simukudziwa kanthu. Pakamwa panatupa?"

"Mafutawo ndi anu. Mukanabisa."

Azakhali anakhuthulira timabotolo tonse m'chikwama, n'kumanga mataulo pamodzi. Kiyi anamuponya m'beseni lotsukira tsitsi. Bedi ndinakasenza ndine mawa lake, mutu uli woluka mbali imodzi.

Chimene chinawapweteka kwambiri n'choti mwini saluni anauza aliyense wobwera kuti wowotcha mkwatibwi wathamangitsidwa. Anthu amene azakhali anawatikita misana zaka zambiri anayamba kuwazemba pamsewu. Mphunzitsi uja anakwatiwa masaya ali ndi zigamba zakuda, zomwe zinatenga miyezi kuti zizilale. Iyeyo ankanena zoona kwa omufunsa, koma omufunsa anali ochepa.

Lero azakhali amayenda khomo ndi khomo ndi chikwama chawo, kutikita okalamba ndi odwala amene sangathe kutuluka. Mawondo awo nawonso ayamba kuvuta.

Mwezi watha ndinalakwitsa kuwauza kuti pakhoma la saluni palembedwa zoti tsopano akutikita ndi mafuta achilengedwe. Anasiya tiyi, n'kuvala nsapato. Ndinawagwira mkono, anandikutumula. Anakaima pakhomo pa saluni penipeni, akufotokozera mayi aliyense wolowa za nkhope ya mphunzitsi uja, mpaka mwini saluni anatseka dzuwa likadali pamutu.