Kabatire ka m'kati mwa eko

Chitsulo chija chinali chopyapyala, chomangidwa ndi masikuluwu anayi m'kashelefu kathabwa pambali pa ampulifaya ya kutchalitchi kwathu ku Rumphi Boma. Tinkangochitchula kuti eko. Amene anabwera nacho kuchokera ku Joni ndi aphunzitsi ena opuma pantchito, amene anandiphunzitsa gitala boma litangonditumiza kuno kuchokera ku Ntcheu. Anatha zaka akupotokola timabatani, kusunga mamvekedwe awo m'katimo. Ukadina nambala 14, gitala yanga yotchipayo inkalira ngati uli m'tchalitchi chachikulu chamiyala. Atamwalira, eko inatsala m'manja mwanga, ndipo sindinkalola munthu kuikhudza.

Loweruka lina tikuyeserera nyimbo kunabwera mkulu wina wa ku Mzuzu, wokonza zoimbira, atavala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo. Atangoona eko n'kumva mbiri yake, ananjuta pansi.

"Yewo chomene, adada! Izitu sizipezekanso. A m'masitudiyo akuzisaka paliponse, akuti zamakonozi sizifikapo."

Ine mumtima ndinati ehe, wayambapo.

"Koma muli kabatire m'katimu," anapitiriza, "kangati ndalama yachitsulo. N'kamene kamasunga zonse. Kakalamba, ndipo kakafa zonse zifufutika. Ndipatseni ndikakusinthireni ku Mzuzu."

"Batire lanji pa chinthu chamagetsi, achimwene?" ndinamufunsa. "Mukundiona ngati mwana?"

Anaseka. Kusekako sindinakukonde n'komwe. Ndinkaona kale eko yanga ili pamiyendo pake m'minibasi, kenako ikubwerako chikhungwa chokhachokha, zam'kati atazula.

"Chabwino, musandipatse," anatero. "Koma tiyeni tikhale pansi tilembe papepala manambala onse amene anatchera malemuwo."

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Chitsulo chamukanika, tsopano akufuna kuba mamvekedwe a aphunzitsi akagulitse! Ndinazimitsa eko, n'kuifunditsa nsalu, n'kumuuza kuti athamange, minibasi ya ku Mzuzu yatsala pang'ono kudzaza. Tsiku lomwelo ndinagula loko wa kashelefu kaja. Kulemba manambala ndekha ndinakuganizako, koma ndinati ayi, pepala limabedwa. Mkazi wanga ndinamuuza monyadira kuti ndathamangitsa tambwali, iye anangoti, "Kaya inu."

Mvula itatha, Lamulungu lina mayi amasiye a aphunzitsi aja anandiimitsa pakhomo la tchalitchi. Anapempha kuti pa nthawi ya chopereka ndiimbe nyimbo imene amuna awo ankaikonda. Ndinati musadandaule mama, muwamva ngati ali pompano.

Ndinatsekula loko, ndinayatsa, ndinadina 14. Pakagalasi koonetsa manambala panangotuluka timizere. Ndinadina 13, 15, kuzimitsa, kuyatsanso. Zii. Kwaya inali itayamba kale, ndiye ndinaimba choncho, gitala ili gwa, yowuma.

Titaweruka mayi aja anandigwira dzanja. "Yewo, mwana wanga," anatero. "Koma lero sindinawamve."