Sipaiki ya a Goliati

Amene anawapatsa a Chikaonda dzina loti Goliati ayenera kuti anali munthu wa nthabwala, chifukwa mwini dzinayo anali wamfupi, wowonda, wamiyendo yamatewe, woti mphepo ya mu Julayi ikanatha kumunyamula. Kwawo kunali kwa Nathenje. Ntchito yawo inali ya m'dimba la maluwa ku Area 3. Koma ku Old Town, pansi pa m'bawa wa kuseri kwa msika pomwe amuna ankasewera bawo, palibe ankawaitana Goliati. Onse ankati a Mathanga.

Dzinali linachokera pa nkhani imodzi yomwe ankaikamba. Mu 1936, ali mnyamata wokana khasu, anatsika ndi njanji mpaka ku Beira, nakayamba kusenza katundu padoko. Tsiku lina kunafika chombo chosafuka utsi. Chinali chachitsulo kuyambira kumphuno mpaka kumbuyo, milongoti inayi nayonso yachitsulo, ndipo chinkayenda ndi mphepo yokhayokha, itakodwa m'mathanga. Chinabweretsa matabwa ochokera kumaiko ozizira. Amalinyero awiri anathawira kwa akazi a ku Beira, kaputeni n'kuyamba kufuna aliyense wa manja awiri. A Goliati manja awiri anali nawo. Anapita nacho ku Australia kukatenga tirigu, nazungulira kumadzi ozizira kumene funde limakwera ngati phiri la Bunda, mpaka ku Ulaya. Anabwerera patatha zaka ziwiri, zala zitapindika, chizungu cha matukwano chili chodzaza m'kamwa.

Mbiri ya zombozo anaimva kwa mkulu wosoka mathanga, amene ankawakonda chifukwa cholowetsa ulusi m'singano msanga. Poyamba zombo zinali zamatabwa. Kenako azungu anayamba kukhoma zachitsulo, zazikulu, zosafumbwa, ndipo pambuyo pake anapeza chitsulo china cholimba koma chopepukirapo. Tsoka lake, sitima za utsi zinali zitabadwa kale, ndipo zinalanda anthu ndi katundu yense wachangu. Zamathanga zinatsala ndi katundu wosathamanga: tirigu, matabwa, malasha, zitosi za mbalame zopangira feteleza. Chawocho chinali m'gulu la zotsiriza. Zinzake zambiri anali atazidula milongoti n'kuzisandutsa nkhokwe za malasha zoyandama padoko, kumadyetsa sitima zomwe zinazipha.

Akafika pamenepa, a Sumaila, telala wa pakhonde la sitolo ya mmwenye, ankaimika dzanja pabawo.

"A Mathanga, mtsinje wa Lilongwe si uwu? Kaponyenimo khasu, tione ngati liyandame."

"Nanga beseni la akazi anu limamira?"

"Beseni silipita ku Ulaya."

A Ackson, mesenjala wa kwa DC, ankathira ndemanga. "Ndiye mukuti chitsulo chonsecho chinkakokedwa ndi nsalu? Tibwereke chilundu cha akazi anu a Elube, timange panjinga yangayi, ndisiye kupalasa."

Umboni a Goliati anali nawo uwiri. Woyamba unali chithunzi cha amalinyero ataima m'munsi mwa mlongoti, kumapeto kwa mzere kuli kankhope kakuda kosaoneka bwino. A Sumaila anachiyang'ana kamodzi n'kunena kuti iwo ankayesa ntchentche inafera pamenepo. Wachiwiri unali sipaiki, chitsulo chosongoka chotalika ngati chikhatho ndi theka, chotsegulira mitsitsi ya chingwe polumikiza zingwe ziwiri popanda mfundo. A Ackson ankati n'chokumbira mbewa.

Sipaiki imeneyi inali ndi lamulo lake. Pachombo, mwini wake amaimangirira kachingwe n'kuvala m'khosi, chifukwa ikapulumuka iwe uli pamwamba pa mlongoti, imaboola mutu wa mnzako ali pansi. Suimasula, subwereketsa. A Goliati anaivala choncho zaka makumi atatu ndi zisanu, ngakhale kutchalitchi, m'kati mwa malaya. Akazi awo a Elube ankati anakwatiwa pamitala osadziwa.

Zaka zonsezo munthuyo ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuti tsiku lina pabawo paja wina anene kuti a Chikaonda sananame.

Kenako likulu linanyamuka ku Zomba. Magalimoto anayamba kubwera atasenza makabati ndi mipando, thengo la kumpoto kwa tauni likugwa, fumbi lofiira likulowa mpaka m'tiyi. Nyumba ya ku Area 3 yomwe a Goliati ankagwiramo inapatsidwa kwa bwana wina wa m'boma, a Orton Msowoya a ku Karonga, kuti adikiriremo pamene nyumba za ku Area 11 zinkamangidwa. Anali munthu waulemu, wa tayi ngakhale Loweruka. Anawapeza a Goliati akumanga chingwe choyanikira zovala, naima kuyang'ana m'mene nsonga ziwiri zinalowerana osasiya mfundo.

"Madala, izi munaphunzira kuti?"

A Goliati anayankha mwachidule, akudikira kuseka. Kuseka sikunabwere.

"Milongoti inayi? Ndinawerengapo za zombo zimenezo kusukulu. Khalani pansi apa."

Inu, mwana wa munthu akasekedwa zaka makumi atatu n'kupeza khutu limodzi lomumvera, amakhuthula ndi za kumphika zomwe. Lamulungu lililonse masana a Orton ankakhala pakhonde ndi kope, a Goliati pasitepe, mayi Tabitha, akazi a bwana, akuwapatsira tiyi wamkaka m'kapu ya alendo. Anakamba zonse. Za thanga lonyowa lolemera kuposa ng'ombe, loti ulikoke ndi zala zouma ndi chisanu utaponda pachingwe chimodzi. Za mabisiketi a anankafumbwe omwe ankayamba awagogoda patebulo. Za mnzawo wa tsitsi loyera amene anagwa m'madzi chombo osaima, chifukwa chombo cha mphepo chilibe mabuleki. A Orton ankalemba, nafunsanso, nalembanso.

"Izi zikhala buku, a Chikaonda. Dzina lanu pachikuto. Anzanu a pabawo adzachita kupempha kuti muwawerengere."

Tsiku lina anapempha chithunzi ndi sipaiki, ati akazijambulitse ku Blantyre kwa osindikiza. Chithunzi a Goliati anapereka msanga. Pa sipaiki anazengereza, dzanja lili pakhosi.

"Masabata awiri okha, madala."

Anamasula. A Elube ataona khosi lopanda kachingwe anangoti, "Mkazi mnzanga mwamupereka kwa eni tayi? Chabwino."

Masabata awiri anabala miyezi. Banja la a Msowoya linasamukira ku Area 11, a Goliati ndi a Elube n'kupita nawo, napatsidwa kanyumba ka kuseri kokhala ndi mpopi wakewake. Anadzala kapinga pomwe panali zitsa, nakumba maenje a maluwa m'dothi louma ngati njerwa. Akafunsa za buku, yankho linali loti osindikiza ndi anthu ochedwa. Zokhala pakhonde Lamulungu zinatha, pakuti bwana tsopano ankaitanidwa kwa anansi atsopano, a ku maofesi a akazembe ndi a mabanki a ku City Centre. Kumeneko munthu aliyense anali mlendo, ndipo palibe ankadziwa bambo a mnzake. Likulu likasamuka, ena amasamutsa ndi makolo omwe.

Mu 1975 a Orton anakwezedwa pantchito, nakonza phwando Loweruka masana. A Goliati anabwereka tenti ya lole n'kuikoka pakati pa mitengo ndi khonde, yosalala ngati thanga, yoti ngakhale kamvulumvulu akanangoilambalala. Kenako anauzidwa kuti alowetse mipando ina pabalaza, chipinda chomwe munthu wa m'dimba sankalowamo.

Chithunzi chawo chinali pakhoma, m'felemu yagalasi. Pansi pake, pakashelefu, panagona sipaiki, atayipukuta mpaka kuwala, kachingwe atakachotsa. A Orton anaima pamenepo ndi alendo asanu, akulankhula chizungu, chala chili pa kankhope kakuda kaja.

"Awa ndi malemu bambo anga. Anachoka ku Karonga wapansi mpaka ku Beira."

A Goliati anaima ndi mpando m'manja. Bwana anaiwala kuti chizungu cha pachombo, ngakhale n'chamatukwano, makutu chimatsegula. Anamva mabisiketi awo akugogodwa patebulo ndi bambo a eni. Anamva mnzawo wa tsitsi loyera akugwa m'madzi, bambo a eni akulira. Ngakhale mawu oti chombo cha mphepo chilibe mabuleki anatuluka, alendo n'kuseka pamalo pake penipeni. Mayi Tabitha, amene ankadziwa bwino kuti apongozi awo anafa asanaone nyanja ina kupatula ya kwawo, anali kuyang'anitsitsa mtedza wa m'mbale ngati akuuwerenga.

Mzungu wina wa kampani yomanga maofesi ananyamula sipaiki ija, naitembenuza.

"Imagwira ntchito bwanji imeneyi? Tationetsani."

A Orton anaseka pang'ono, maso akusakasaka, mpaka anagwera pa munthu wa mpando uja. Sanachite manyazi. Anachita ngati wapeza ndalama m'thumba la jekete lakale.

"Bambo anaphunzitsako gadiniboyi wathuyu pang'ono. Goliati, bweretsa chingwe uwaonetse alendo."

Zaka zinayi anali a Chikaonda, anali madala. Lero Goliati, bweretsa.

Anatsitsa mpando bwinobwino. Anatuluka, nabwera ndi chingwe chotsala pa tenti, nachidula pakati. Sipaiki italowa m'dzanja mwawo, zala zopindika zija zinaidziwa. Anamasula mitsitsi itatu uku, itatu uko, nailowetsa umodzi pansi pa unzake, osayang'ana n'komwe, maso ali pa bwana. Atatha anaponda chingwecho n'kuchigudubuza pansi, napatsa mzungu uja nsonga imodzi, mnzake ina, kuti akoke. Anakoka mpaka nkhope kufiira. Alendo anaomba m'manja.

A Goliati anasolola mtsitsi umodzi pa chingwe chotsala, naupisa pabowo la sipaiki, namanga, navala m'khosi. Kenako analankhula m'chizungu chawo cha pachombo, chomwe chinali chisanatuluke zaka zambiri.

"Bambo anu, bwana, anaiwala kukuuzani lamulo. Ichi samasula, sabwereketsa. Chikagwa chimapweteka munthu."

Alendo anasekanso, poyesa kuti ndi mbali ya chionetsero.

Dzuwa lisanalowe a Orton anafika kukanyumba ka kuseri. Anapeza a Elube akumanga mapoto m'chitenje.

"A Chikaonda, tisachite zachibwana. Bwezani chitsulocho pamalo pake, nkhani ithe."

"Ndabwezatu pamalo pake," anatero a Goliati, akuloza m'khosi mwawo.

"Mvetsani. Kuno nkhani ya munthu wa m'dimba palibe angaimvere. Ine ndangoiveka jekete kuti ilowe pakhomo."

"Jekete mwaiveka. Nanga mwini wake mwamusiya kuti?"

"Nyumba iyi mukuifuna kapena ayi?"

A Goliati anayang'ana mpopi uja. A Elube nawonso anauyang'ana, nthawi yaitali ndithu, chifukwa ndiwo ankadziwa kutalika kwa chitsime. Kenako anasenza mtolo wawo.

"Chithunzi changa?" anafunsa a Goliati.

"Chili m'felemu. Felemuyo ndi yanga."

Anabwerera ku Old Town, nachita lendi kachipinda ku Mchesi. A Goliati anayala thumba pafupi ndi depoti ya basi n'kuyamba kusoka matenti a malole ndi kulumikiza zingwe za ngolo. Ntchito inalipo, pakuti likulu linali likumangidwabe ndipo zingwe zinkaduka tsiku ndi tsiku. Za ku Area 11 sanauze munthu.

Patapita miyezi itatu, a Ackson, amene tsopano ankanyamula makalata ku maofesi atsopano, anafika pabawo akupukuta fumbi kumaso.

"Akuluakulu, tipepese. Chombo chija chinalikodi. Chachitsulo, milongoti inayi, choyenda ndi nsalu. Ku maofesi aliyense akuchidziwa."

A Sumaila anasiya njere m'dzanja. A Goliati anadzutsa mutu. Zaka pafupifupi makumi anayi kudikira mawu amenewa.

"Koma anakwera ndi bambo a bwana Msowoya," anapitiriza a Ackson. "Chithunzi chili pakhoma pawo, dalaivala wathu anachiona ndi maso. Inu a Mathanga, paja munkagwira kumeneko. Munkamvera pawindo eti?"

"Ackson, nkhaniyi ndinayamba kukuuza iwe usanamere ndevu. A Msowoya n'kuti ali kusukulu."

"Ndiye kuti munaimva kwa bambo awo ku Beira komweko. Mwina munkawanyamulira sutikesi."

Bwalo lonse linagwa nacho chiseko. A Sumaila okha sanaseke kwambiri, anangobwezera maso awo pabawo.

Kuyambira tsiku limenelo a Goliati sanaikambenso nkhani ija. Buku silinatuluke, la dzina lawo kapena la dzina la wina. Anakhala zaka zina zisanu ndi zinayi akusoka matenti, ndipo woyendetsa lole wachilendo akafunsa kuti madala, luso limeneli munalitenga kuti, ankaloza kumpoto ndi sipaiki, osadzutsa mutu.

"Kafunseni ku Area 11. Kuli munthu akuidziwa bwino, anachita kulemba."

Atamwalira, amuna osambitsa maliro anafuna kuwavula kachingwe ka m'khosi. A Elube anamva ali panja, natumiza mawu kuti asiye momwemo, sipaikiyo inamasulidwapo kamodzi ndipo kamodziko kanakwana.