Bwato la Miyendo Iwiri

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Simoni, ndimamva fungo la phula likusungunuka m'chitini pamoto wa zitsononkho, utsi wake wakuda ukulowa m'maso, iwo ali chogwada pa utuchi, pensulo ili kukhutu, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene sankaimaliza konse. Anali mmisiri wa matabwa. Zitseko zambiri za m'mudzi mwathu, kufupi ndi Msakambewa, zinatuluka m'manja mwawo. Koma nyanja anali atangoiona kamodzi, ali mnyamata, atapita kukaona m'bale wawo ku Salima.

Kumunsi kwa mudzi wathu kunali damu lalitali la mthirira, ndipo sukulu inali tsidya lina. Nthawi ya dzinja njira yozungulira inkasanduka matope ofika m'mawondo, kotero ana tinkawoloka pa kabwato ka mtengo umodzi, kopapatiza ngati mtondo. Ndili Sitandade 5, kabwatoko kanagubuduka tili anayi. Anzanga anagwira bango, ine ndinamira. Mayi wina amene ankachapa ndiye anandivuula pondikoka tsitsi.

Madzulo ake amayi anadula mlandu. "Felista sukulu wasiya. Kuli bwino akhale mbuli koma wamoyo."

Ine sindinatsutse. Ndinkangomva phokoso la madzi m'makutu.

Tsiku lachitatu agogo anasenza chitseko chatsopano pamutu n'kupita kwa a Mbewe, msodzi wa pa damupo, amene anali ndi bwato lina lolowa madzi lomwe analitaya m'bango. Anasinthana. A Mbewe anaseka mpaka kutsokomola.

"Chitseko cha mlombwa kusinthanitsa ndi nkhuni? A Simoni, mwakalambadi."

"Ikani chitsekocho kaye," anatero agogo, "akazi anu asiye kutseka ndi mphasa."

Anakokera mabwato awiriwo pamtunda, lija tinagubuduka nalo ndi la a Mbewe, n'kumata ming'alu ndi phula ndi nsanza. Kenaka anawagoneka moyandikana, kusiya mpata wa mkono ndi theka pakati, n'kupingasa mitengo itatu ya bulugamu pamwamba pake. Anakana misomali. Ankati msomali ndi wouma mutu, madzi akaukankha umang'amba thabwa, choncho anamanga ndi linya, zingwe zija za matayala, akukoka ndi mano mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Pamitengoyo anayala nsungwi ngati thandala. Ine anandipatsa singano yosokera matumba ndi matumba asanu ndi limodzi a feteleza kuti ndisoke thanga, chinsalu chokola mphepo yoyendetsa bwato.

"Soka iwe. Thanga losokedwa ndi mwini wake siling'ambika."

"Agogo, ine sindidzakweranso."

"Ndani wanena zokwera? Ndati soka."

Ndinasoka masiku anayi, zala zikutuluka matuza. Anthu opita kudimba ankaima n'kumafunsa ngati mmisiri wayamba kumanga khola la nkhunda pamadzi. Ena ankati munthu wa kumapiri ndi mphepo adziwana liti. Agogo ankangoyankha kuti, "Munthu woima ndi mwendo umodzi ngakhale mwana amamugwetsa. Ili ndalipatsa mwendo wachiwiri."

Analiyesa Loweruka m'mawa, mudzi wonse uli pagombe. Anayamba akweza matumba atatu a mchenga, kenaka iwo eni anaimirira m'mphepete mwenimweni mwa bwato limodzi n'kudumphadumpha ngati mwana. Silinapendekeke. Koma atakweza thanga pa nsungwi yaikulu imene anaimika pakati, mphepo inalizunguza bwatolo n'kukalitsamiritsa m'bango, chammbuyo. Anthu anagwa nacho chiseko. Agogo anatsika, madzi ali m'chiuno, n'kulikoka okha kubwerera nalo. Anamasula nsungwiyo, kuisunthira kutsogolo pang'ono, n'kumangirira thabwa kumbuyo kuti likhale chiwongolero. Ntchitoyo inatenga mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo ambiri anali atabalalika.

Kenaka anatembenukira kwa amayi. "Nagama, mwana wanga, ndibwereke Felista. Akanyowa ngakhale chala, sindidzatchulanso za sukulu."

Amayi anandiyang'ana. Thanga lija linali langa, ndi mizere yanga yokhotakhota, ndipo sindinafune kuti lipite popanda ine. Ndinakwera.

Agogo anandipatsa chingwe cha thanga. "Ukamva chikukoka, usachite nacho makani. Masula pang'ono."

Matumba aja anafufuma, akulira phaphapha, ndipo madzi anayamba kuthamanga pakati pa mabwato awiriwo, pansi pa mapazi anga. Panalibe wopalasa. Nditacheuka, ndinaona amayi akuchepa, manja ali pamutu, ndi a Mbewe akuthamanga m'mbali mwa damu akukuwa, "Likupita! Anthuni, likupitadi!" Agogo sanaseke, sananyade. Anangotulutsa mtedza wokazinga m'thumba la malaya n'kundigawira, ngati tili pakhonde.

Lolemba tinawoloka ana asanu ndi awiri, mayunifolomu ouma. Madzinja atatu otsatira agogo ankatiwolotsa m'mawa uliwonse, mphepo ikasowa ankapalasa, ndipo sanaphonyepo tsiku ngakhale chifuwa chitawagwira. Anamwalira ndili Folomu 2.

Lero ndine mphunzitsi ku Ntchisi. Mvula ikakula, mabenchi ena m'kalasi mwanga amakhala opanda anthu. Mwana akajomba masiku atatu sindimulemba kuti wasiya sukulu. Ndimavula nsapato, n'kukwinya chitenje, n'kupita kwawo kukaona chimene chaima pakati pa iye ndi ife. Anzanga amati ndimadzivutitsa. Ine ndimangowauza kuti ndine mdzukulu wa a Simoni.