Mgolo wa Milamba Pansi pa Zenera Langa

Aneba anga, kapitawo wopuma wa ku esiteti ya tiyi, ndi mkulu wa mpingo wa Sabata. Mlamba sadya. "Nsomba yopanda mamba ndi yodetsedwa," amatero. Koma chiwaphonyereni makuponi a feteleza, ndi iwo amene amatolera milamba yoola ku damu la esiteti. Amaiponya mumgolo, kuthiramo madzi, n'kuvundikira mpaka isungunuke. Msuzi wakewo amathirira mpiru, ndipo mpiruwo amadya mtima uli mbee. Mgolowo sauika kukhomo kwawo ayi, malo ake ndi kumpanda, pansi pa zenera langa.

Loweruka lina kunali chinkhoswe cha mwana wanga Dainess. Akuchimuna atangokhala pansi, dzuwa linatenthetsa mgolo uja. Mayi a mnyamata anatseka mphuno ndi chitenje, n'kumanong'oneza anzawo kuti mtsikana woleredwa pakhomo lonunkha chonchi sangasamale nyumba.

Ndinawapeza aneba atavala suti, Baibulo lili m'khwapa.

"Aneba, chonde, tasunthani mgolowu lero lokha."

"Pepani aphunzitsi, lero ndi Sabata. Sitinyamula katundu."

"Ndiye ndisunthe ndine."

"Ngakhale mlendo wa pakhomo panga, lamulo likumuletsa."

"Nanga mgolowo bwanji ukuwira pa Sabata?"

Anauyang'ana mwachifundo. "Umenewo sunabatizidwe."

Chinkhoswe tinakamalizira kumsewu, pansi pa bulugamu. Dainess anakwatiwa ndithu, koma mpaka lero asewere anga akabwera kwathu amati adya kale.