Ayisibuloko M'bulangete

Dzulo ndikuyanika bulangete lonyowa, fungo lake linandibwezera m'minibasi yopita kuboda ya Mwami, ndili mwana.

Tsiku limenelo bokosi lomwe amayi ankanyamuliramo ayisibuloko wogulitsa linasweka, kunja dzuwa likuswa mtengo. Achemwali anga, omwe anali patchuthi kuchokera ku yunivesite kumene ankaphunzira sayansi, anatenga bulangete langa n'kukulungamo ayisibuloko yense.

"Iwe, mutu ukuyenda bwino?" anafunsa amayi. "Bulangete limatenthetsa. Ukufuna ndikagulitse madzi kwa madalaivala a malole?"

"Bulangete lilibe moto, amayi," anayankha achemwali. "Limangotchinga. Usiku limatchinga kutentha kwa thupi kuti kusatuluke, lero litchinga kwa panja kuti kusalowe. Bola musatsegule m'njira."

"Akasungunuka, mudyera sayansi yanuyo," anatero amayi, n'kundisenzetsa mtolowo.

M'minibasi ndinaufungatira pamiyendo, thukuta lili kamukamu. Ndinkangokumbukira mmene bulangete lomwelo linkandiwotchera ndikafunda. Minibasi ikaima kukweza munthu, mtima unkandithawa. Dontho linagwera paphazi langa, osadziwa ngati linali thukuta kapena malonda athu akutha. Maso a amayi anali pamtolo.

Titaona mzere wa malole paboda, ndinalephera kupirira. Ndinalowetsa chala pang'onopang'ono pansi pa bulangete. Chinagunda chinthu cholimba gwa, chozizira mpaka kuluma.

Amayi anandimenya padzanja.

"Chotsa chalacho. Sunawamve achemwali ako? Ulowetsa kutentha."